Nsambo za flatwound zilibe mlandu, aulesi ndife

Pali bodza limene lazika mizu pakati pa oimba gitala ya besi, ndipo ine landikwana. Akuti nsambo za flatwound, zosalala zija, sizigwirizana mawu. Akuti nsambo yaikulu ya E imachoka m'paketi itafa kale, ukaikodola imangoti di, basi zii, pomwe kansambo ka G kamalira ngwengwengwe, chitsulo chokhachokha. Munthu agula nsambozi ndi ndalama yowawa, azimanga Lachisanu, aimbira Lamulungu, pofika Lolemba wazimasula kale, ndipo wayamba kuchenjeza anzake kuti asayerekeze. Ine ndikuti limeneli ndi bodza, bodza la anthu aulesi. Nthawi zambiri nsambo sizinalakwe kanthu. Wolakwa ndi mwini gitala amene sanagwirepo sikuludiraiva chigulireni gitalayo, amene kudikira kumamuwawa, amene amakodola nsambo zonse zinayi pamalo amodzi ndi mphamvu imodzi, kenaka n'kumadabwa kuti sizikumveka bwino. Opanga nsambo ali nawo mlandu wawo, ndipo ndiwafikira, koma tiyambe ndi ife eni.

Nsambo ya besi ili ndi waya wachitsulo pakati, ndipo pamwamba pake amakulungapo waya wina kuti ilemere. Pa nsambo za roundwound waya wokulungayo ndi wobulungira, n'chifukwa chake chala chimamva timizere chikamatsetsereka. Pa flatwound amakulungapo kalamba kachitsulo kophwatalala, mothinana mpaka m'mphepete mwake mukugundana, kenaka amapukuta mpaka kuti see. Nsambo yotere siipindika mosavuta ikamanjenjemera, ndipo timawu tapamwamba timene timaperekeza liwu lenileni timafa msanga. Tsono onani kusiyana kwa nsambo zinayizi. Ya G m'maseti ambiri imakhala 45, poyeza m'magawo a inchi yogawidwa ka 1000, pamene ya E imakhala 100 kapena 105. Kunenepa kwake kuposa kawiri. Ya G amaikulunga pang'ono, ya E amaikulunga kangapo, waya pamwamba pa waya unzake. Ya E imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ya A ka 55, ya D ka 73, ya G ka 98. Zonsezi zamangidwa pa utali umodzi wa mainchi 34. Nanga ndani anakuuzani kuti zinthu zosiyana chonchi zidzalira mofanana zikangochoka m'paketi?

Khutu la munthu nalonso lili ndi tsankho. M'chaka cha 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Labs anaonetsa kuti khutu limamva movutikira mawu apansi kwambiri poyerekeza ndi apakati, makamaka phokoso likakhala lochepa. Ndiye kuti E ndi G zitalira ndi mphamvu yofanana ndendende, khutu lidzanena kuti G yakwera, E yabisala. Kuti tizindikire liwu la E timadalira kwambiri timawu toperekeza tija, ndipo ndi timeneti timene flatwound imachepetsa mwadala. Izi sizolakwika za fakitale. Nsambozi anazipangira zimenezi.

Choncho tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Kugwirizana kwa mawu si kufanana kwa mawu. Palibe mphunzitsi wa kwaya amene amauza abambo a besi kuti aimbe ndi liwu la amayi a sopulano. Chimene amafuna n'chakuti mbali iliyonse imveke, pasapezeke womeza mnzake, ndiponso kuti nyimbo ikamachoka kwa awa kupita kwa awo womvera asapunthwe. Pa gitala ya besi n'chimodzimodzi. E ikhale yakuya, G ikhale yowala, koma woimba akamawoloka kuchoka pa A kupita pa D pasamveke ngati wasintha gitala. Amene akufuna kuti nsambo zinayi zikhale liwu limodzi lenileni akufuna kiyibodi, ndipo apite akaigule, palibe womuletsa.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti nkhondo imeneyi anaimenya kale anthu ena, n'kuipambana, ife tisanabadwe. Leo Fender atatulutsa Precision Bass ku Fullerton, California, mu 1951, nsambo zake zinali flatwound. Jazz Bass ya 1960 inabweranso ndi zomwezo. Anthu a ku Fender ankadziwa kuti nsambo zinayi sizimvana zokha. Pansi pa chivundikiro chachitsulo cha pa bridge, pomwe nsambo zimakhazikika kumunsi kwa gitala, ankamatapo kachidutswa ka siponji kokhudza nsambo, kuti zonse zileke kulira pa nthawi yofanana. Mu 1957 Fender anagawa pawiri pickup ya Precision, kachipangizo ka maginito kotola mawu a nsambo, theka pansi pa E ndi A, theka lina pansi pa D ndi G, theka lililonse ndi masikulu ake awiri, moti munthu angathe kulikweza, kulitsitsa kapena kulipendeketsa. Pa magitala a zaka zoyambirira za pickup imeneyi, timaginito ta pansi pa nsambo ya A ankatikwezako kuposa tinzake. Ankamva ndi makutu awo kuti pali nsambo yotsalira, n'kuikonzera. Masikulu amenewo alipobe pa gitala yanu lero, mwina achita dzimbiri chifukwa simunawakhudzepo.

Mverani James Jamerson wa ku Motown, mumzinda wa Detroit. Precision yake inali ya 1962, nsambo zake La Bella zolemera, 52, 73, 95 ndi 110, ndipo sankazisintha pokhapokha imodzi ikaduka. Ankakodola ndi chala chimodzi. Ikani nyimbo ya Stevie Wonder ya For Once in My Life ya 1968, kapena chimbale cha Marvin Gaye cha What's Going On cha 1971, mutsatire besi yokha. Munthuyo akuyendayenda pa nsambo zonse, akusakaniza nsambo zosapana ndi zopana monga ankachitira pa besi yaikulu yoimika imene anayambira, koma simumva liwu limodzi likugwera m'dzenje kapena kudumphira kumaso. Ku Memphis, Donald "Duck" Dunn ankachita zake pa Stax ndi nsambo za mtundu womwewu. Ku Los Angeles, Carol Kaye ankaziliza ndi pick, ataika kansalu kofinya nsambo pafupi ndi bridge. Ku Kingston, Aston "Family Man" Barrett ananyamula nyimbo za Bob Marley pa Fender Jazz ya nsambo zosalala. Anthu anayi, manja anayi osiyana, mizinda inayi, ndipo zimbale zawo zilipo, aliyense angathe kuzimva. Kodi inu ndi amene mwatulukira lero chilema chimene onsewa sanachimve?

Chinasintha si nsambo, ndi makutu athu. Mu 1966 John Entwistle wa bandi ya The Who anagwira ntchito ndi James How wa kampani ya Rotosound ku England, ndipo anatulutsa nsambo za roundwound zotchedwa Swing Bass 66. Entwistle ankafuna besi yolira mowala, yokhalitsa, yofanana ndi nsambo zapansi za piyano, ndipo anaipeza. Anabwera oimba besi ena, a Chris Squire, a Jaco Pastorius, kunabwera kuimba komenya ndi chala chachikulu, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 magitala atsopano ambiri ankachoka ku fakitale ndi roundwound. Sindikudana nazo nsambo zimenezi, zinatipatsa nyimbo zabwino zambiri. Koma zinatiphunzitsa ulesi. Roundwound yatsopano imawaza kuwala kofanana pa nsambo zonse zinayi, kuwalako n'kuphimba kusiyana kumene kuli pansi. Pickup yopendekeka molakwika, nsambo yokhala moipa pa bridge, chala chokodola mosasamala, zonsezi zimabisala m'kung'anima kuja. Mukamanga flatwound kung'animako kumachoka, ndipo gitala yanu imayamba kunena zoona. Anthu amadana ndi nsambo chifukwa chowauza zoona za gitala yawo ndi za manja awo.

Tsono tigwire sikuludiraiva. Panani nsambo pa fret yomaliza, muyeze mpata pakati pa nsambo ndi maginito a pickup. Malangizo a Fender pa mapickup achikale amati pafupifupi mamilimita 3.2 mbali ya E ndi 2.4 mbali ya G. Manambalawa ndi poyambira chabe, woweruza ndi khutu. Ngati G ikukuwa, tsitsani mbali yake pang'onopang'ono, theka la kuzungulira kwa sikulu, mumvere, mubwerezenso. Ngati E ikubisala, kwezani mbali yake, koma osafikitsa pafupi kwambiri, chifukwa maginito amakoka nsambo n'kuyamba kuilepheretsa kunjenjemera momasuka, liwu n'kumamveka ngati likugwedera. Kumbukiraninso kuti pamwamba pa khosi la gitala ndi pokhota, choncho A ndi D zimakhala pamwamba kuposa E ndi G. Pa Jazz Bass, imene maginito ake ali pa mzere wathyathyathya, nsambo ziwiri zapakatizi zimatalikirana ndi pickup ndipo zimamveka motsika. Ntchito yonseyi siitha ola limodzi, siilira ndalama, koma pali anthu amene aimba besi zaka khumi osaichitapo, ndipo ndi omwewo amene amafuula kwambiri kuti flatwound n'zachabe.

E yakufa ija, imene anthu amailirira kwambiri, kawirikawiri amaipha okha poimanga. Nsambo yonenepa yosalala ndi youma. Mukaimanga siigona bwino pa kachitsulo kake ka pa bridge, imadutsapo mokhota ngati uta, ndipo malo amene kunjenjemera kukuthera sadziwika bwino. Zotsatira zake liwu limafooka ndipo ngakhale mutchune bwanji, kumtunda kwa khosi kumasemphana. Mankhwala ake ndi chala chachikulu: mukatha kutchuna, dinikizani nsambo mwamphamvu patsogolo penipeni pa kachitsuloko kuti ipindike pamenepo, muchitenso chimodzimodzi kumutu kwa gitala, kenaka mutchunenso. Chachiwiri ndi kupota. Ambiri amakulunga nsambo pa chotchunira ndi dzanja kuti afulumire, ndipo pochita zimenezo amaipotokola. Waya wam'kati ukapotoka, nsamboyo yatha, kaya ndi ya kampani iti. Siyani kamutu ka kumapeto kazizungulira momasuka pa bridge mpaka nsambo itayamba kukungika. Chachitatu, pa chotchunira pazikulungika mbali yowonda yokha, ya ulusi ija. Mbali yonenepa ikakwera pamenepo kalamba kaja kamatseguka ndipo nsambo imatha kuduka kumene. N'chifukwa chake muyenera kudziwa utali wa gitala yanu musanagule, chifukwa nsambo za mainchi 34 sizimangidwa chisawawa pa gitala yaifupi ya mainchi 30. Ndipo ngati gitala yanu ndi ija nsambo zimalowera kumbuyo kwa thupi, dziwani kuti La Bella amachenjeza okha kuti flatwound zawo wamba sizoyenera kupindidwa motero, ndipo amapanga seti yapadera ya magitala otere. Munthu amene sanawerenge ngakhale zolemba pa paketi alibe ufulu wotiuza kuti nsambo n'zoipa.

Palinso mlandu wina umene nsambo zimasenzetsedwa pomwe mwini wake ndi khosi la gitala. Pa magitala ambiri a mtundu wa Fender, mukapana G pakati pa fret yachisanu ndi yachisanu ndi chiwiri, pamakhala liwu limodzi limene limazimirira msanga kuposa anzake. Khosi la gitala limanjenjemera lokha pa liwu limenelo n'kumeza mphamvu ya nsambo. Mangani roundwound, mangani flatwound, malo akufawo alipobe. Kusintha nsambo chifukwa cha zimenezi n'kutaya ndalama. Ndipo popeza flatwound zambiri zimakoka kwambiri, khosi limapindika pang'ono mukazimanga, nsambo n'kukwera. Truss rod, ndodo yachitsulo ya m'kati mwa khosi, anaiikamo kuti muziitembenuza pa nthawi ngati imeneyi.

Pakatha zonsezi pamatsala chinthu chimene m'badwo wathu ukuchida koposa, kudikira. Flatwound zatsopano sizinafike pa liwu lake. D ndi G zimayamba ndi kulira kwachitsulo, pomwe E imakhazikika msanga, ndiye masiku oyamba kusiyanaku kumamveka kwambiri. Zimafuna kuimbidwa. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimalowa m'timipata, chitsulo chimafewa m'kapindikidwe kake, kung'anima kwa nsambo zazing'ono kumatsika mpaka kukumana ndi zazikulu. Zimatenga milungu, mwina miyezi, malinga ndi mtundu wa nsambo ndi kuchuluka kwa kuimba kwanu. Roundwound imakoma tsiku loyamba n'kumanka iipiraipira. Flatwound imayamba moipa n'kumanka ikomerakomera, ndipo ikafika imakhala pomwepo zaka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wochotsa nsambozi pa sabata yoyamba wataya chinthu chimene sanachimve n'komwe, ndipo umboni wake ulibe ntchito.

Wina adzati nanga Steve Harris wa Iron Maiden, amene amaimbira flatwound za Rotosound, 50 mpaka 110, koma amazisintha pafupipafupi kuti zisataye kuwala? Ameneyo akuthandiza mfundo yanga. Iye amafuna kulira kwachitsulo kwa nsambo zatsopano zikamagunda mafret, amadziwa kuti kumapezeka masiku oyamba okha, ndipo amakonza zonse motsata zimenezo. Pino Palladino, pa chimbale cha D'Angelo cha Voodoo cha 2000, anafuna mbali inayo, liwu lakuya lofewa la Precision ndi nsambo zosalala, ndipo anabwezera achinyamata ambiri ku nsambo zimene zinkaoneka ngati za agogo. Awiriwa ali kutali ngati kum'mawa ndi kumadzulo, koma aliyense amadziwa chimene nsambo yake imachita pa msinkhu uliwonse. Chimenechi ndiye chikusowa mwa odandaula athu.

Manja nawo ayankhe mlandu. Nsambo ikakodoledwa pafupi ndi bridge imalira mouma ndi mowala, ikakodoledwa pafupi ndi khosi imalira monona. Woimba wodziwa amasuntha dzanja osaganizira n'komwe: pa G amasendera chakukhosi kuti aifewetse, pa E amasendera chakubridge kuti imveke bwino m'mphepete mwake. Amachepetsa mphamvu pa nsambo yaing'ono, amalowetsa mnofu wambiri wa chala pa yaikulu. Komanso liwu limodzi limapezeka malo angapo. D mungaipeze pa nsambo ya D yosapana, pa fret yachisanu ya A, kapena pa fret yakhumi ya E, ndipo malo atatuwa ali ndi mitundu itatu ya liwu. Oimba reggae amakonda kukwera khosi pa E ndi A m'malo mothawira ku G, chifukwa kumeneko liwu limanenepa. Kusiyana kumene ena akuti ndi chilema, kwa woimba weniweni ndi chuma, ndi mitundu yoti asankhepo. Yesani nokha: lizani A yosapana, kenaka A ya pa fret yachisanu ya E, mubwereze mpaka zala zanu zitaphunzira kuzibweretsa pafupi. Imeneyo ndi ntchito ya woimba, ndipo palibe paketi imene ingakuchitireni.

Ndiye pali chipinda ndi masipika. Funde la liwu la E ndi lalitali kuposa mamita 8, la G ndi pafupifupi mamita atatu ndi theka. M'tchalitchi cha makoma a njerwa, simenti pansi, malata pamwamba, mafunde amenewa amagunda makoma n'kubwerera, kwina kuwonjezana, kwina kufafanizana. Mutaima apa liwu lina likugwedeza mawindo, mutayenda masitepe atatu lasowa. Ampu mukaikankhira pakona zimaipiraipira. Kaampu kophunzirira kunyumba ka sipika ya mainchi 8 sikangathe kutulutsa liwu lenileni la E mokwanira, ndipo sipika ya foni ndiye siiyandikira n'komwe. Koma anthu akuweruza nsambo pomvera pa foni, n'kugamula kuti E ndi yakufa! Musanatukwane nsambo, lowetsani gitala mwachindunji mu mikisa, muvale mahedifoni abwino, mumve chimene gitalayo ikutulutsa popanda chipinda.

Abale athu oyendetsa mikisa, inu ndiye mwationongera zambiri. Mwazolowera kuti besi ikangolowa, mukweze zapansi penipeni, mudule zapakati, mukweze zapamwamba, kenaka mupanikize zonse ndi compressor mpaka zitaphwatalala. Kachitidwe kameneka kanabadwira roundwound ndi kuimba komenya. Moyo wa flatwound uli pakati chakumunsi, malo omwewo amene inu mumadula. Mukadula pamenepo E imasanduka phokoso lopanda dzina, G imatsala yokha yowonda, ndiye mumatembenukira woimba n'kumuuza kuti nsambo zake zatha. Mwazitha ndinu. Yambani ndi mabatani onse ali pakati, mumve gitala mmene ilili, muchepetse zapansi zimene chipinda chikuwonjezera, mubwezere zapakati. Compressor ithandize pang'ono kumapeto, isakhale bulangete lofunditsa ntchito imene simunaigwire. Besi si chivomezi. Anthu ovina amafuna kumva kuti woimba ali pa liwu liti.

Opanga nsambo asaganize kuti apulumuka. Seti yofala ya 45, 65, 80 ndi 100 inakhazikika mwa chizolowezi, osati chifukwa chakuti ndi yolingana. Pa matebulo amene D'Addario amasindikiza okha, nsambo ya D mu seti yotere ndi yokungika kuposa zonse, ya E ndi yolobodoka kuposa zonse, ndipo kusiyana kwake kumapitirira mapaundi khumi. Chala chimamva zimenezi, khutu nalo limamva. Kampani yomweyi inatulutsa maseti a roundwound otchedwa Balanced Tension, a 45, 60, 80 ndi 107, kusonyeza kuti vutoli akulidziwa. Nanga bwanji maganizo omwewo sakhala chizolowezi pa flatwound, pomwe kuuma kwa nsambo kumakulitsa kusiyanako? Thomastik-Infeld a ku Vienna amapanga nsambo zofewa zokoma kwambiri, za waya wam'kati wobulungira ndi ulusi pakati, koma seti yawo ya JF344 imayenda 43, 56, 70, kenaka kudumphira pa 100, ndipo A yake imamveka yofewa m'manja kuposa zinzake. Pa magitala a nsambo zisanu, B imene imanjenjemera ka 31 kokha pa sekondi imavutitsabe opanga ambiri. Ndiponso n'zoona kuti nthawi zina fakitale imatulutsa nsambo yakufadi, imene kalamba kake sikanagwire bwino waya wam'kati. Mwakonza zonse, mwadikira, koma ikungoti di. Yoteroyo ibwezedwe ndipo wogulitsa aisinthe popanda makani. Koma kuti mudziwe kuti yafadi, muyambe mwachotsa zolakwa zanu zonse. Wosakonza gitala yake sangasiyanitse nsambo yakufa ndi nsambo imene waipha yekha.

Nkhaniyi ikutikhudza ife kuno kwathu kuposa mmene tikuganizira. Dziko limene linakonda Evison Matafale ndi Black Missionaries a ku Chileka, limene linakulira nyimbo za Alleluya Band ndi Lucius Banda a ku Balaka, ndi dziko limene khutu lake limafuna besi yakuya, yobulungira, yogunda pachifuwa. Ngakhale babatoni wathu, amene a Madalitso Band amuyendetsa m'maiko a ku Ulaya, ndi nsambo imodzi ya liwu lonenepa lalifupi, losang'anima. Koma pitani m'matchalitchi ndi m'mabandi athu muone. Mnyamata wamanga roundwound, kenaka watsekeratu batani la tone kuti aphe kuwala kumene wakugula ndi ndalama zake. Miyezi ingapo nsambo zachita dzimbiri ndi thukuta, akuziwiritsa m'madzi kuti zitsitsimuke, zikudya mafret, zikung'amba zala. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo nsambo zonse za besi zimachokera kunja. Flatwound ndi zodula pogula, sindikana, koma seti imodzi yomangidwa bwino imatha zaka, siidya mafret, ndipo imapereka liwu lomwelo limene nyimbo zathu zambiri zikufuna. Bodza lakuti sizigwirizana mawu likuwabera oimba osauka chinthu chimene chikanawapulumutsira ndalama. N'chifukwa chake sindingalisekerere.

Sindikunena kuti aliyense amange flatwound. Woimba sungura motsata Alick Macheso, amene besi yake imathamanga kumtunda kwa khosi n'kumaimba ngati gitala yotsogolera, akufuna kuwala ndi kulumpha, ndipo roundwound zimuthandiza. Woimba nyimbo zauzimu zamakono amene amamenya ndi kukoka nsambo, chimodzimodzi. Asankhe zimenezo chifukwa nyimbo yake ikufuna zimenezo, ndipo ndidzamuombera m'manja. Chimene ndikukana n'chakuti munthu asankhe chifukwa cha mantha amene wamupatsa mnzake waulesi.

Inu eni masitolo a zoimbira ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, itanitsaniko flatwound, ndipo muzigulitsanso nsambo imodziimodzi, kuti woimba amene E yamuvuta asagule seti yonse. Inu aphunzitsi a besi m'matchalitchi ndi m'masukulu, phunzitsani ana kumanga nsambo ndi kukweza pickup tsiku lomwelo mukuwaphunzitsa kupana liwu loyamba. Ndipo inu achimwene amene mwamanga flatwound sabata yatha ndipo dzanja likuyabwa kuti muzimasule, zisiyeni pomwepo. Dinikizani pa bridge, konzani khosi, tembenuzani masikulu a pickup, bwezerani mabatani a ampu pakati, muziimbire tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri. Ngati E idzakhale ikadali yakufa, kaibwezeni kwa wogulitsa ndipo mukalankhule mokweza. Musanachite zimenezi, musatiuze kanthu za nsambozi.